Chikondwerero cha zakudya ndi vinyo ku EPCOT: kupita liti, kudya motani, kapena kulowera kwina

Kambale kake kanakwana m'chikhatho cha amayi anga. Munali kanyama ka ng'ombe kootcha kothira msuzi wa khofi wa ku Kenya, pansi pake kachakudya kofewa ka chimanga ndi mbatata kamene pachikwangwani anakalemba kuti mealie pap, pambali pake kachumbari. Anakatembenuza kambaleko uku ndi uku, kenako n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, nsima yake ndi imeneyi, kapena ikubwera?" Atalawa anati mchere wakwana. Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti kumeneko n'kuyamikira kwakukulu.

Apo tinali ku EPCOT, imodzi mwa mapaki anayi a Walt Disney World, kufupi ndi mzinda wa Orlando m'chigawo cha Florida. Amayi anali atabwera kudzaona adzukulu awo, ndipo ulendo wawo unagwera m'nyengo ya EPCOT International Food & Wine Festival. Chiyambire tsiku limenelo abale akwathu okhala kuno ku America amandifunsa funso limodzimodzi: kodi kumeneko n'koyenera ndalama zake? Yankho langa limadalira chimene mukupitira. Pali wopitira kudya, pali wopitira zoimba, pali wopitira ana. Anthu atatuwa sayenera kusankha tsiku limodzi, mwinanso sayenera kusankha paki imodzi.

Choyamba kumvetsa n'chakuti tikiti yanu yangokutsegulirani chipata. Chakudya mulibe m'menemo. Tikiti ya tsiku limodzi imaposa madola 100 ndipo mtengo umakwera kapena kutsika malinga ndi tsiku. Mwana wosakwana zaka 3 salipira, wa zaka 3 mpaka 9 amalipira yotsikirako pang'ono, koma akangokwana zaka 10 amamuwerengera ngati munthu wamkulu. Mukalowa, kambale kalikonse mumagula pakokha, kawirikawiri pakati pa madola 5 ndi 10, chakumwanso pachokha. Ambiri amadabwa apa chifukwa mawu akuti chikondwerero kwathu amatikumbutsa ukwati kapena chinkhoswe, kumene ukangokhala pansi mbale imakupeza yokha.

EPCOT inatsegulidwa pa 1 October 1982, ndipo chikondwererochi chinayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990. Mbali ya pakiyi imene chimachitikira kwambiri imatchedwa World Showcase: nyanja yokumba pakati, ndipo m'mphepete mwake mwazungulira malo oimira mayiko 11. Ukayambira kumanzere umapeza Mexico, Norway, China, Germany, Italy, United States, Japan, Morocco, France, United Kingdom, n'kumalizira Canada. Kuzungulira kamodzi ndi mtunda wa pafupifupi makilomita awiri. Nyengo ya chikondwerero ikafika, m'njira yonseyi amaikamo timisasa toposa 25 togulitsa zakudya, ndipo ena mwa timisasati timaimira mayiko amene alibe malo awoawo m'pakimo, monga Brazil, Greece, Australia ndi Belgium, ndipo chaka chimene tinapitako kunalinso Kenya uja.

Mwezi uti?

M'zaka za 2021, 2022 ndi 2023 chikondwererochi chinkayamba mu July, koma mu 2024 chinabwerera kumapeto kwa August mpaka chakumapeto kwa November. Miyezi itatu imeneyi siifanana ngakhale pang'ono.

September ndiye mwezi wa munthu woteteza thumba. Ana a sukulu amakhala atabwerera m'makalasi, mahotela amatsika mtengo, matikiti nawonso amakhala pa mitengo yotsika, mizere yake yaifupi. Koma walira mvula walira matope. Florida mu September imatentha ngati ku Nsanje mu October, kuphatikiza chinyontho chimene chimamatitsa malaya kumsana ngakhale uli pamthunzi. Masana ambiri kumagwa mvula yamabingu ya ola limodzi kapena awiri, ndipo ndi mwezi umene anamondwe amakonda kuvuta, pakuti nyengo yawo imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November. Tangoganizani kumwa supu yotentha ya tchizi dzuwa lili paliwombo, mpweya utaima. Zakudya zambiri za chikondwererochi n'zolemera, zoyenera kunja kozizira. Ngati muli ndi makolo achikulire kapena khanda, September ndimakuletsani.

October amayamba motentha koma amatha bwino. Kumapeto kwake mpweya umapepuka, madzulo kumawomba kamphepo kochokera panyanjapo. Timisasa tina timene satitsegula pachiyambi timakhala tatsegulidwa pofika nthawi imeneyi. Vuto lake anthu amachuluka, chifukwa sukulu zina zimakhala ndi tchuthi chachifupi ndipo mapaki onse a ku Orlando amakhala pakalikiliki ndi Halloween.

Kwa ine November ndiye mwezi wake, makamaka masabata awiri oyambirira. Kumakhala ngati ku Lilongwe mu May: dzuwa lofunda masana, kajuzi madzulo. Mungoyang'ana pakalendala kuti musagwere pa mapeto a sabata a mpikisano wothamanga wa Wine & Dine Half Marathon, umene umachitika chakumapeto kwa October kapena kumayambiriro kwa November, chifukwa othamanga ndi mabanja awo amadzaza mahotela ndi pakiyo. Tchuthi cha Veterans Day pa 11 November nachonso chimabweretsa chikhamu.

Tsiku la sabata ndi lofunika kuposa mwezi

Ichi ndicho anthu ambiri sachilabadira. Chikondwererochi si cha alendo ochokera kutali okha. Anthu a ku Orlando amene ali ndi matikiti a chaka chonse amatenga malowa ngati kocheza akaweruka, ndipo Lachisanu madzulo ndi Loweruka amabwera mwaunyinji, ambiri m'magulu ovala malaya ofanana, cholinga chawo kumwa m'dziko lililonse mpaka atazungulira nyanja yonse. Ambiri mwa iwo ndi anthu abwinobwino osangalala, koma ikamakwana 7 koloko usiku phokoso limakwera, njira imapanikizana, ndipo kukankha kangolo ka mwana pakati pa France ndi United Kingdom kumasanduka ntchito. Banja lopemphera limene lasunga ndalama chaka chathunthu lingabwereko ndi mtima wowawa, pamene likanapita Lachiwiri likanaona malo ena ndithu.

Ndiye n'chifukwa chiyani sindingonena kuti pitani Lachiwiri kapena Lachitatu basi? Chifukwa cha zoimba. Madzulo aliwonse pa bwalo la America Gardens Theatre, moyang'anana ndi malo a United States, pamakhala zoimbaimba zotchedwa Eat to the Beat. Salipiritsa china, tikiti yanu yolowera ija yakwanira. Oimba amakwera pa nsanja katatu: 5:30, 6:45 ndi 8:00 madzulo, ulendo uliwonse pafupifupi theka la ola. Pakhala pakubwera magulu amene anatchuka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, monga Boyz II Men, Hanson, Air Supply ndi Sugar Ray. Amene munakula mukumva Boyz II Men pa wailesi kapena pa makaseti ogula mu msika wa Limbe mukudziwa chimene mtima ungachite kuwaona pamaso, ali apo pamtunda woti ukhoza kuwaponyera chipewa. Koma m'zaka zaposachedwa oimba otchukawa amakonda kuwaika kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, pamene masiku apakati amaika magulu a komweko ku Florida.

Mukaziika pa sikelo, Lolemba limapambana. Chikhamu cha mapeto a sabata chimakhala chitabwerera ku ntchito, koma woimba wotchuka akadalipo. Ndandanda ya oimba imatuluka miyezi ingapo chikondwerero chisanayambe, choncho ionenitu musanagule tikiti ya ndege.

Mpando wotsimikizika, mzere, kapena kuimirira

Pa zoimbazi pali njira zitatu. Yoyamba ndi kugula chimene amachitcha dining package: mumalipira chakudya chathunthu mu lesitilanti imodzi mwa zosankhidwa, ndipo amakupatsani kachiphaso kokutsimikizirani malo okhala pa nthawi imodzi mwa zitatu zija. Yachiwiri ndi kuima pa mzere wa aliyense, ola limodzi kapena kuposa ngati woimbayo ali wokondedwa. Yachitatu ndi kungoima kumbuyo m'njira, popeza bwalolo n'losatchinga ndipo mawu amamveka bwino lomwe.

Njira yoyamba ili ndi chinthu chimene chimandivuta. Mwabwera ku chikondwerero cha kulawa, ndiye mwakakhala pansi n'kudya mbale yodzaza ndi zotsekemera zake pamwamba. Mimba ndi imodzi. Mukatuluka m'menemo timisasa tonse tija mudzangotidutsa ndi maso. Ndimaivomereza pokhapokha ngati woimbayo ndiye mwadzera, kapena muli ndi munthu amene sangathe kuima nthawi yaitali. Tsiku lija ndi amayi, chimene chinathandiza kwambiri si mpando wa ku zoimba koma njinga yokankha imene tinabwereka pachipata. Poyamba anakana, amati iwo amapita kumunda wapansi. Titafika ku Germany anaikwera okha osauzidwa, ndipo tsiku lonse linawakomera.

Ngati mukufuna kukhala pansi popanda kulipira, yesani chionetsero choyamba cha 5:30, pamene ambiri akadali m'mizere ya chakudya. Chomaliza cha 8:00 chimakoma chifukwa kunja kwada ndipo magetsi a pa nsanja amawala, ndipo chikangotha mumakhala muli kale m'mphepete mwa nyanja kudikira makombola. Chionetsero cha makombola chimene chilipo tsopano chimatchedwa Luminous The Symphony of Us, chinayamba mu December 2023, ndipo masiku ambiri chimayamba 9 koloko pamene paki ikutseka.

Kudya kwake

Apa ndiye pamene ndalama zimathawira munthu osaziona. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Madola 7 apa, madola 9 apo, kapu ya vinyo wa ku France, kamowa ka ku Belgium, pofika madzulo munthu mmodzi wadya madola 80 kapena 100 koma akumvabe ngati sanadye chakudya chenicheni.

Ndaona njira zitatu zimene anthu amatsata. Ena amangoyenda n'kumagula chimene chawakopa, kulipira ndi khadi ya kubanki. N'kosangalatsa, koma ndiko kugwa chagada kuja. Ena amagula kakhadi ka mphatso ka Disney kamene kamavalidwa pamkono ngati chibangili, n'kuikamo ndalama zimene agwirizana kunyumba. Zikatha zatha. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa imathetsa mkangano wa m'banja usanayambe, ndipo mwana wamkulu mukhoza kumupatsa kake kuti aphunzire kuwerengera. Njira yachitatu, imene ingayende limodzi ndi yachiwiri, ndi kugawana: anthu anayi, kambale kamodzi pa msasa uliwonse, aliyense kuluma kamodzi. Chimene chakoma kwambiri ndiye mwagulanso china. Ife Amalawi kudyera mbale imodzi sitichita kuphunzira, ndipo pa chikondwerero ichi chizolowezi chimenecho chimakupulumutsirani ndalama zambiri.

Pachipata tengani kabuku kaulere kotchedwa Festival Passport. Muli mndandanda wa zakudya za msasa uliwonse, ndipo zopanda nyama anazizindikiritsa. Abale achisilamu ndi a Seventh Day muwerenge mosamala, pakuti nyama ya nkhumba ili m'zakudya zambiri, ngakhale mu supu ya tchizi ya ku Canada imene aliyense amaitama. Ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho, funsani ogulitsa, amayankha mwaulemu.

Mndandanda umasintha chaka ndi chaka, koma pali zina zimene zakhala zikubwerera. Ku Brazil kuli timabanzi ta tchizi totchedwa pão de queijo, tophikidwa ndi ufa wa chinangwa. Ukatinyema timanyulunyuta, ndipo munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota angazindikire msanga ubale wake ndi kondowole. Ku Greece kuli tchizi wootcha wothira uchi ndi mtedza wa pistachio. Ku Australia nyama ya nkhosa yootcha. Ku Germany makaroni ophika ndi tchizi ndi nyama ya nkhumba, amene amakhutitsa kuposa zambiri za mtengo womwewo. Ku France amaika nkhono m'kabuledi konona ka batala ndi adyo. Amayi anaziyang'ana n'kunena kuti nkhono anazisiya kudimba, koma mdzukulu wawo anadya ziwiri.

Matebulo ndi ochepa ndipo ambiri ndi oimirira. Mudzaona anthu ovala bwino ataika timbale tawo pamwamba pa mabini a zinyalala, akudya mosangalala, ndipo musadabwe, ndi mwambo wa kumeneko. Timisasa timatsegulidwa cha m'ma 11 koloko m'mawa. Maola awiri oyambirirawo ndiwo a golide: mizere kulibe, chakudya changophikidwa kumene, mthunzi ukupezeka. Anthu ambiri olowera chipata chachikulu amayambira ku Mexico kapena ku Canada, choncho amene walowera chipata chakumbuyo cha International Gateway, pakati pa France ndi United Kingdom, amakhala watsogola. Chipata chimenecho amafikako ndi oyenda pa Skyliner, timabokosi toyenda pa chingwe m'mwamba timene tinayamba mu 2019, kapena okhala m'mahotela a kufupi monga BoardWalk ndi Beach Club.

Zina ziwiri zopulumutsa thumba. Amalola kulowa ndi chakudya chanu ndi zakumwa zosaledzeretsa, bola zisakhale m'mabotolo agalasi, ndiye ana mukhoza kuwatengera mpunga kapena masangweji kuti timbale tija tikhale tongolawa. Ndipo madzi ozizira a m'kapu amapereka ulere m'malo ogulitsira zakudya zachangu mukapempha. Za mowa, lamulo la ku America ndi zaka 21, ndipo amafunsa chiphaso ngakhale kwa munthu wandevu. Mlendo wochokera kunja atenge pasipoti. Amene simumwa musaope dzina la chikondwererochi, mukhoza kutha tsiku lonse osakhudza dontho ndipo simudzaona ngati mwamanidwa.

Nanga ana?

Kunena zoona chikondwererochi anachikonzera akuluakulu. Ana amatopa ndi kuima pa mzere wa chakudya chimene sakuchifuna. Pali masewera osakasaka tizidole ta khoswe wotchedwa Remy tobisidwa m'mayiko onse aja, pogwiritsa ntchito mapu ogula, ndipo zimenezi zimawayendetsa mtunda wonse osadandaula. Zokwera zilipo: bwato la Frozen Ever After ku Norway, Remy's Ratatouille Adventure ku France imene inatsegulidwa mu 2021, ndi Guardians of the Galaxy: Cosmic Rewind ya 2022 kwa ana okulirapo olimba mtima. Koma chimene ine ndimalimbikitsa banja lililonse lakwathu ndi Living with the Land, bwato loyenda pang'onopang'ono kudutsa m'minda ya m'nyumba zagalasi mmene amalima masamba popanda dothi ndi kuweta nsomba m'mathanki, kuphatikizapo tilapia, abale ake a chambo. Amayi sanalankhule ulendo wonsewo, maso ali pa tomato wolendewera m'mwamba. Titatsika anafunsa mafunso ambiri kuposa pa china chilichonse tsiku limenelo. Ngati ana anu ali aang'ono ndipo muli ndi tsiku limodzi lokha ku Orlando, Magic Kingdom, paki ina ya Walt Disney World, idzawasangalatsa kuposa EPCOT, ndipo chikondwererochi mukhoza kuchisungira ulendo wina.

Ngati tchuthi chanu sichigwera m'miyezi imeneyi

Musadandaule kwambiri, chifukwa EPCOT pafupifupi chaka chonse imakhala ndi chikondwerero china chokhala ndi timisasa ta zakudya. Mu January ndi February kuli Festival of the Arts, imene inayamba mu 2017, ya zojambula ndi oimba a m'masewero a zisudzo a Broadway ku New York. Kunja kumakhala kozizira bwino ndipo zakudya zake amazikongoletsa kwambiri, ngakhale zimachedwa kukonzedwa. Kuyambira March mpaka chakumayambiriro kwa June kuli Flower & Garden Festival, ndi maluwa odulidwa m'maonekedwe a zidole ndi zoimba zotchedwa Garden Rocks pa bwalo lomwe lija. Kwa munthu wokonda zomera, kapena wofuna zithunzi zotumiza kumudzi, ichi chimaposa cha zakudya ndi vinyo, ndipo kumwa sikukhala patsogolo kwambiri. Kuyambira kumapeto kwa November mpaka December kuli Festival of the Holidays, imene ili ndi Candlelight Processional: kwaya yaikulu, gulu la zoimbira, ndi munthu wotchuka akuwerenga nkhani ya kubadwa kwa Yesu. Amene munakulira mu kwaya ya CCAP kapena ya Katolika, ichi chidzakugwirani mtima kuposa zonse ndatchulazi. Pamenepa mpando wotsimikizika uja ndiwofunikadi, pakuti mizere yake ndi yaitali zedi.

Kunja kwa Disney kulinso njira, ndipo zonse zimagwera kumayambiriro kwa chaka. Paki ya SeaWorld Orlando imakhala ndi Seven Seas Food Festival masiku osankhidwa kuyambira cha mu February mpaka May. Ubwino wake amagulitsa kakhadi kovala m'khosi kolipiriratu timbale 10 kapena 15, kamene banja lonse lingagawane, ndipo mtengo wa kambale kalikonse umatsika. Tikiti yolowera nayonso nthawi zambiri imatsika kuposa ya Disney ukagula pa intaneti. Paki ya Universal Studios Florida ili ndi chikondwerero cha Mardi Gras cha m'miyezi yomweyo, ndipo kumeneko mtima wa chikondwerero ndi mdipiti wa usiku wa magalimoto okongoletsedwa oponya mikanda kwa anthu, ndi oimba amene achinyamata amawadziwa. Chakudya chimabwera pambuyo. Busch Gardens ku Tampa, ulendo wa ola ndi theka pa galimoto, nayonso imakhala ndi chikondwerero cha zakudya ndi vinyo cha mu March mpaka May. Pakiyo anaimanga motengera Africa, ili ndi mbali zotchedwa Nairobi, Congo ndi Serengeti Plain, ndi nyamalikiti ndi mbidzi zoyenda pabwalo. Munthu amene anafika ku Liwonde kapena ku South Luangwa sadzatengeka nazo kwambiri nyamazo, koma achinyamata okonda sitima zothamanga mozondoka adzakuthokozani.

Pali njira inanso ya akuluakulu okhaokha amene akufuna kulawa popanda kutulutsa khadi mphindi iliyonse. Mahotela a Swan ndi Dolphin, amene ali pamtunda woyenda wapansi kuchokera ku chipata chakumbuyo cha EPCOT, amakhala ndi Food & Wine Classic yawo, madzulo awiri okha pa chaka m'nyengo yomweyi. Mumalipira kamodzi ndalama zokwera ndithu, osafunika tikiti ya paki, ndipo mumadya ndi kumwa mmene mungathere. Kwa anthu awiri okumbukira tsiku la ukwati wawo, ikhoza kutuluka yofanana ndi tikiti ya EPCOT kuphatikiza chakudya, koma mulibe zokwera, mulibe makombola a panyanja.

Chikhala kuti wina wandipatsa banja la anthu asanu, agogo alipo, ana awiri a pulayimale, ndi tsiku limodzi, ndingawatengere ku EPCOT Lolemba la sabata yoyamba kapena yachiwiri ya November. Tingalowe m'mawa paki ikangotsegulidwa, ana akwere zokwera zawo mizere isanatalike, 11 koloko itipeze pa msasa woyamba ndi kakhadi kathu pamkono. Masana dzuwa likalimba tikapume m'bwato la minda lija, kenako tilowe m'misika ya ku Morocco, dziko lokhalo la mu Africa limene lili ndi malo akeake m'pakimo. Anawatsegula mu 1984, ndipo Mfumu Hassan II anatumiza amisiri ake kudzaika matailosi ndi kusema makoma. Mkati mwake muli mthunzi, kasupe, ndi mabenchi amene anthu othamangira chakudya amawadutsa osawaona. Amayi anakhala pamenepo theka la ola atavula nsapato, akusisita matailosi obiriwira ndi chala, ndipo 5 koloko itayandikira ndi iwo amene anatikumbutsa kuti tinyamuke tikapeze malo ku zoimba.